Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Mwambi uwu timautchula kawirikawiri pofuna kudzutsa munthu waulesi: vuto ndi lako, nyamuka wekha, usadikire kuti amene ali m'tulo akuchitire. Tanthauzo limenelo aliyense amalidziwa. Koma pali mbali ina imene ife a m'makomboni a Lusaka taitaya mwadala. Ngati wodzuka usiku ndi mwini mimba, ndiye kuti mwini mimbayo ndi amenenso ali ndi mawu pa thupi lake. Amene sadzadzuka naye alibe mphamvu yomuuza zoti amwe.

Chandikwiyitsa ndi zimene zachitikira mayi wina wachitsikana kuno ku Chainda, mwana wa mnansi wanga, amene ndamuona akukula. Anabereka mwana wake woyamba chaka chatha. Monga zimakhalira ndi azimayi ambiri, mimba sinabwerere msanga m'malo mwake, ndipo madiresi ake akale anayamba kumukana. Iye sanadandaule. Anali wotanganidwa ndi kuyamwitsa, kutunga madzi, kuchapa matewera ndi kugulitsa tomato ndi kapenta pa kantemba kake. Odandaula anali ena. Pa kitchen party ina, mlamu wake anamuuza anthu akumva: "Alamu, mwadzitaya. Achimwene akayamba kuchedwa kubwera kunyumba musadzatifunse ife." Azakhali ake, amene anayenera kumuikira kumbuyo, anangothira ndemanga: "Mwanawe, mverako, mwamuna amayamba ndi maso." Mwamuna wakeyo sananene zambiri. Ankangomupatsira foni madzulo kuti aone zithunzi za akazi ena, n'kumati, "Koma anzako akudzisamala."

Posakhalitsa mnzake wa kutchalitchi anamubweretsera bokosi lolembedwa kuti green tea, lokhala ndi chithunzi cha mkazi wa chiuno chopyapyala atadzikulunga tepi yoyezera. Analipira ndalama zimene anayenera kuodera katundu. Anamuuza kuti azimwa m'mawa asanadye kanthu ndi usiku pogona, ndipo m'mimba mukayamba kupota asaope, "ndi mafuta akutuluka."

Sanali mafuta. Chimbudzi cha pamalo amene amachita lendi chili panja, kuseri, ndipo mabanja angapo amalowa momwemo. Mayi woyamwitsayu ankasiya khanda pabedi, n'kutuluka mumdima ndi tochi ya foni, kawiri kapena katatu usiku umodzi. Mlamu uja anali m'tulo kwake. Azakhali anali m'tulo. Mkaka unayamba kuchepa, mwana n'kumalira usiku wonse, mpaka tsiku lina mayiyo anachita chizungulire ali pa kantemba, anzake n'kumukhazika pansi ndi kumusungunulira ORS. Kumbali kwa bokosilo, m'timalemba ting'onoting'ono timene palibe anawerenga, panali dzina lakuti senna.

Taganizani kumene izi zikuchitikira. Ndi mumzinda womwe uja umene mu January 2024 unasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala cha kolera, pa mliri umene unapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Ife timadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti kutsekula m'mimba kumapha chifukwa kumamaliza madzi ndi mchere m'thupi. Komabe tafika poti mkazi amagula kutsekula m'mimba ndi ndalama zake, ife n'kumamuyamikira kuti wayamba kudzikonda.

Tiyi wobiriwira weniweni si chinthu chachilendo. Ndi tsamba la mtengo womwewo umene umatipatsa tiyi wakuda wa ku Kawambwa kapena wa ku Thyolo ndi Mulanje. Kusiyana kwake n'kwakuti masamba ake amawatenthetsa msanga akangothyoledwa kuti asade. Muli caffeine ndi zinthu zina zotchedwa catechin, zimene akatswiri ankaganiza kuti zingathandize thupi kutentha mafuta. Anayesa ndithu. Mu 2012 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zachipatala, linaona zotsatira za anthu onenepa amene anapatsidwa zopangidwa ndi tiyiyu kwa milungu 12 kapena kuposerapo. M'kafukufuku wochitidwa kunja kwa Japan, kusiyana pakati pa omwa ndi osamwa kunali magalamu 40 okha, kosafika ngakhale kulemera kwa dzira limodzi. Ku Japan kusiyanako kunali kokulirapo pang'ono, koma ounikawo anamaliza ndi mfundo yakuti kuonda kwake n'kochepa kwambiri moti sikungasinthe thanzi la munthu.

Wogulitsa amadziwa kuti munthu amene walipira amafuna kuona chinachake chikuchitika mawa lomwe. N'chifukwa chake amathiramo senna, mankhwala amene madokotala amapereka kwa masiku ochepa kwa munthu wodzimbidwa. Senna amagwira ntchito m'matumbo aakulu, chakudya chitayamwidwa kale m'matumbo aang'ono. Mafuta amatsala pomwe anali. Chimene chimatuluka ndi madzi pamodzi ndi mchere wa potassium umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Sikelo imatsika lero, munthu akamwa madzi imabwerera, ndipo amathamangira bokosi lachiwiri poganiza kuti wolakwa ndi iye.

Palinso zoipa kuposa senna. Mankhwala a sibutramine anachotsedwa pamsika ku Europe ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko, koma bungwe la FDA la ku America lakhala likuwapeza atabisidwa m'matiyi, m'khofi ndi m'makapisozi oondetsa olembedwa kuti ndi achilengedwe. Ku France ndi ku Spain, mankhwala a Exolise, opangidwa kuchokera ku tiyi wobiriwira, anawaletsa mu 2003 anthu atavulala chiwindi. Mu 2018 bungwe la EFSA, loona za chakudya ku Europe, linachenjeza kuti kumwa mamiligalamu 800 kapena kuposa a catechin wotchedwa EGCG patsiku, kudzera m'makapisozi, kungayambe kuwononga chiwindi, ngakhale kuti tiyi wofulula m'kapu linamupeza kuti alibe vuto kwa anthu ambiri. Ndipo ngakhale tiyi wabwinobwino, wakuda kapena wobiriwira, akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ayironi amene thupi limatenga. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti akazi 31 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 ali ndi magazi ochepa. Amenewo ndiwo tikuwauza kuti asiye nsima, azimwa tiyi katatu patsiku.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndikukumbukira nthawi imene mawu anali ena. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, kuonda kunali chilango pachokha m'makomboni muno. Dzina linalipo: kaliondeonde. Mu 1987 Kenneth Kaunda analengeza poyera kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi, koma manong'onong'o sanathe. Mkazi akangotsika pang'ono, ngakhale chifukwa cha malungo kapena njala, anthu ankasiya kugula zitumbuwa zake, ndipo pampopi ankamuyang'ana m'khosi ndi m'masaya. Kunenepa kunali umboni. "Mwanenepa, akukusungani bwino," anali malonje aulemu. Ma ARV atayamba kuperekedwa m'makiliniki a boma mu Lusaka mu 2004, tinasangalala kuona abale athu akubwerera m'matupi awo. Azakhali amene nthawi ija ankati, "Idya mwanawe, anthu angaganize zina," ndi omwewo lero akuti wadzitaya. Ndipo mtsikana woonda sanapulumuke: amamuseka kuti alibe mahipi, iye n'kukagula mapiritsi okulitsa chilakolako cha chakudya pamsika womwewo pamene mkulu wake akugula tiyi woondetsa. Muyezo umasintha, koma oyeza ndi omwewo, ndipo palibe tsiku limene amanena kuti apa zakwana.

Pali azimayi ena amene nkhaniyi ingawaphe ndithu. Kuyambira cha m'ma 2018, anthu ambiri omwa ma ARV kuno anawasinthira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira bwino ntchito yoletsa kachilombo. Kafukufuku wotchedwa ADVANCE wa ku Johannesburg, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti omwa dolutegravir amanenepa kuposa omwa efavirenz, ndipo akazi kuposa amuna. Jakisoni wakulera wa miyezi itatu nayenso amanenepetsa akazi ena. Iwe amene ukuseka mayi m'minibasi kuti alipire mipando iwiri, sukudziwa chimene amameza m'mawa uliwonse kuti ana ake asakhale amasiye. Mawu ako akamufika pamtima, angayambe kudumphitsa mankhwala, kapena kuwamwera pamodzi ndi zotsekula m'mimba popanda kufunsa kukiliniki. Akadzadwala, iwe sudzakhala naye kuchipatala.

Wina anditsutsa kuti kunenepa kwambiri ndi matenda enieni, ndipo sindingakane. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey anaonetsa kuti akazi olemera mopitirira muyezo m'Zambia anachoka pa 12 pa 100 aliwonse mu 2001 ndi 2002 kufika pa 23 mu 2013 ndi 2014, ndipo m'matauni ndi ochuluka kuposa kumudzi. Zifukwa tikuziona: zakumwa zotsekemera, mafuta ambiri m'ndiwo, tchipisi, buledi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, pamene chibwabwa ndi ndiwo zotendera tikuziona ngati za osauka. Apa mwambi umatsimphina pang'ono, chifukwa BP sipweteka. Munthu angayende zaka osamva kanthu mpaka tsiku limene mbali imodzi ya thupi yafa. Shuga nayenso amayamba mwakachetechete. Choncho ndikuvomera kuti alipo munthu wakunja amene ayenera kulankhula ngakhale mwini thupi sanamve kupweteka. Koma munthu ameneyo ndi namwino wa pakiliniki, amene amakuyeza BP, shuga, msinkhu ndi kulemera, n'kukuuza muli awiri m'chipinda, wopanda bokosi loti akugulitse. Iye amanena za mtima ndi impso zako. Mlamu wa pa kitchen party amanena za maso a mchimwene wake. Zinthu ziwirizi tisazisakanize kuti tipeze pobisira nkhanza zathu. Sindinamvepo munthu akusekedwa pagulu n'kupita kukayezetsa BP. Amene ndawaona amasiya kubwera kuzochitika, amadya mobisa, ndiponso amaopa sikelo ya kuchipatala imene ikanawathandiza.

Ndivomerenso kuti kapu ya tiyi wobiriwira wopanda shuga ndi yabwino kuposa botolo la chakumwa chotsekemera. Mayi amene wasintha chotero, nachepetsa mitanda ya nsima, nayamba kuyenda wapansi kuchoka ku Chainda kukafika ku Chelstone m'malo mokwera basi, akhoza kutsika ndithu. Koma chamutsitsa ndi shuga amene wasiya ndi miyendo yake. Ngati wachita zimenezo chifukwa mawondo akumupweteka kapena akupuma movutika akasenza ndowa, ndiye mwambi wathu uli pamalo pake, ndipo ine ndingayende naye.

Foni yawonjezera moto. Kale wokuyerekeza ndi ena anali apongozi ndi anansi. Lero mtsikana wa Grade 9 amadziyerekeza ndi zithunzi zokonzedwa ndi makina, za anthu amene amalipidwa kuti anyamule bokosi la tiyi. Mu 2020 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaimba mlandu kampani ya Teami chifukwa cholonjeza kuonda popanda umboni ndi kulipira anthu otchuka kuti aitsatse pa Instagram osaulula bwino kuti alipidwa. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zoonetsa kuti kampaniyo inkadziwa kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu amene ankaipidwa kale ndi thupi lake ankati Instagram imamuwonjezera ululuwo. Kumeneko kuli makhoti ndi manyuzipepala amene amakoka makampani m'khutu. Kwathu kuno malonda amenewa amayenda pa status ya WhatsApp, kuchokera kwa mlongo wa mukwaya kupita kwa mnzake, ndipo wogulitsayo nthawi zambiri ndi mayi wosauka amene anauzidwa kuti alemera akapeza anzake asanu oti agule. Iyeyo sindimuda kwambiri. Amene ali pamwamba pake ndi amene ayenera kufunsidwa.

Tili ndi ZAMRA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la Medicines and Allied Substances Act la 2013 kuti liziyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Chinthu chilichonse chimene chimalonjeza kusungunula mafuta, kutsuka chiberekero kapena kuchotsa poizoni m'magazi chikudzitcha mankhwala, ngakhale chitavala dzina la tiyi. Ndikufuna kuona mabokosi amenewa akutengedwa m'misika ya Chainda, Mtendere ndi Kalingalinga, akuyezedwa, ndipo zopezeka m'kati mwake zikulengezedwa pawailesi m'Chinyanja ndi m'Chibemba, kuti mayi wa pa kantemba amve ndi makutu ake.

Ndipo alangizi athu, amene amakhala ndi namwali m'chipinda masiku angapo ukwati usanachitike, ali ndi mpata umene dokotala alibe. Amamuphunzitsa kuphika, kulandira alendo, kusunga chinsinsi cha m'nyumba ndi kusangalatsa mwamuna. Amuuzenso zoona zake za thupi la mkazi: kuti akabereka lidzasintha, kuti mizere ya pamimba siichoka ndi mafuta odzola kapena tiyi, kuti woyamwitsa amafunika chakudya ndi madzi ochuluka kuposa kale. Kenako aitane mkwatiyo, amukhazike pansi pamaso pa ankhoswe ake, amuuze zomwezo.