Kodi Chithunzi Chokhulupirika Chinganame?

M'masitolo ogulitsa zinthu zamakedzana ku Britain mumapezeka zithunzi zosindikizidwa za asilikali, zina mwa izo zochokera ku ntchito za Elizabeth Thompson (1846–1933), amene pambuyo pake adadziwika kuti Lady Butler. Mayiyu sadali wokometsera nkhondo. Chithunzi chake cha mu 1874, The Roll Call, chidaonetsa asilikali a nkhondo ya ku Crimea akuitanidwa mayina kumenyana kutatha: otopa, ovulala, wina atagwa chafufumimba. Anthu adakhamukira kukachiona mpaka wapolisi adaikidwa pambali pake, ndipo Mfumukazi Victoria idachigula.

Mfumukazi yomweyo idamupempha kuti ajambule nkhondo ya ku Rorke's Drift, kumene pa 22 ndi 23 Januwale 1879 asilikali a Britain pafupifupi 150 adalimbana ndi Azulu oposa 3,000. Butler adagwira ntchitoyo mosamala. Adapita ku Portsmouth kukaonana ndi asilikali amene adapulumuka, najambula nkhope zawo zenizeni. Chithunzicho chidatha mu 1880, ndipo wochiona akhoza kuloza munthu n'kumutchula dzina.

Koma Azulu ali kuti? Ali m'mphepete, mu utsi ndi mumdima, opanda mayina. Pamalopo padafa anthu 17 a mbali ya Britain ndi Azulu osachepera 350. Komanso tsiku lomwelo la 22 Januwale, ku Isandlwana, Azulu adagonjetsa gulu lalikulu la Britain, ndipo anthu oposa 1,300 a mbaliyo adafa. Mfumukazi sidasankhe Isandlwana. Idasankha Rorke's Drift.

Ife ophunzitsa za ziyankhulo timadziwa kuti chiganizo chikhoza kukhala choona koma chosocheretsa. Ndikati "mbuzi yaphedwa," sindinaname, koma wopha ndamubisa. Chithunzi nacho chili ndi galamala yake: amene waikidwa pakati, pamene pali kuwala, ndiye mwininkhani, ndipo woikidwa m'mphepete amangokhala chinthu chochitidwa.

Wina anganene kuti wojambula sangaonetse zonse, ndiponso kuti Butler adajambula anthu amene adatha kukumana nawo. Izi n'zoona, ndipo kulimba mtima kwa asilikali aja sikudali kopeka. Komabe kusankha ndi udindo. Amene adadziwa kujambula kutopa kwa msilikali wamba wa ku Crimea adadziwanso kuti Mzulu wogwa pakhoma la matumba a chimanga adali mwana wa munthu, ndi kuti dziko lolowereredwa lidali la Azuluwo.

Sindikunena kuti zithunzizi zichotsedwe pakhoma. Mlandu waukulu tsopano uli ndi ife oziona, pakuti wojambula adapita kalekale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikamayamikira jekete lofiira, tiyenera kuyang'ananso kumphepete kuja ndi kufunsa kuti munthu wa mu utsiyo dzina lake adali yani, ndipo adamulira ndani.