Kukalamba ndi Kukalambitsidwa

Foni ya amayi anga inakalamba usiku umodzi wokha, ndipo chala chimene chinaikankhira ku ukalambawo chinali changa.

Ndinali kwathu ku Mtakataka pa tchuthi. Foniyo anawatumizira amalume kuchokera ku Johannesburg, yogwirapo kale ntchito m'manja mwa munthu wina, ili ndi kamng'alu pangodya, koma yomvera ndithu. Amayi amagulitsa mpunga wa ku sikimu ya Bwanje, ndipo ogula awo ambiri amaitanitsa pa foni ndi kulipira pa foni pomwepo. Kwa miyezi ingapo panali kutuluka uthenga wonena kuti kwabwera update, ndiye kuti opanga foniyo akonza mwatsopano dongosolo loiyendetsa ndipo akupempha kuti lilowe. Amayi sawerenga Chingerezi, tsono uthengawo ankangoukankhira kumbali monga tichitira ndi ntchentche. Ine mwana wa ku Chirunga ndinawaseka. Ndinagula bandulo, ndinadina povomereza, ndi kukagona.

Kutacha foni inadzuka ndi nkhope ya namwali koma miyendo ya nkhalamba. Patapita masiku atatu galimoto yopita ku Lilongwe inaima pa siteji kuti itenge matumba awiri. Wogula anati ndalama watumiza, amayi anafuna kuona kaye ndi maso awo asanapachize katundu, koma foni inangoti duu, galasi loyera mbee. Dalaivala anaimba huta kawiri nanyamuka. Matumba aja tinabwerera nawo kunyumba pa njinga.

Amayi sanandikalipire. Anangoitembenuza foniyo m'manja nati, "Yatopa basi, mwanawe. Kanthu kalikonse kamatopa." Mawu amenewo ndiwo andilembetsa nkhani ino, pakuti ndinawamva ngati chikhululukiro, koma sindinadziwe amene akukhululukidwa. Kodi foniyo inatopa, kapena inatopetsedwa? Ndipo kodi kusiyana kwa ziwirizi kuli ndi ntchito, poti mpunga unabwerera ndithu?

Tiyambe ndi khasu. Khasu la agogo anga latha mpaka kutsala ngati chikhatho, koma agogo akhoza kukuuzani munda umene unalidya ndi chaka chimene linagunda mwala. Linatha iwo akuona. Wosula khasulo sanabwerepo usiku kudzalipala kuti lichepe. Tsiku limene analandira ndalama yake, dzanja lake linachoka pa khasupo. Foni siili choncho ai. Waigula, waipukuta, waisokera kathumba, koma dzanja la woipanga latsalira m'kati mwake, ndipo ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu akhoza kusintha mayendedwe ake. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Inde, koma mlendo wa makolo athu ankayamba waodira pakhomo, nanena kumene wachokera ndi chimene wadzera.

Wina pakati panu, anzanga, anena kuti mlendoyo anaodira, ndipo ndine ndinamutsegulira. Nzoona. Komatu kuvomera kumene munthu sakudziwa chimene akuvomera, kodi nkuvomera? Uthenga uja unalonjeza zabwino zokhazokha. Sunanene kuti pa foni ya zaka zakuti zinthu zidzayamba kuchedwa, ndiponso sunanene kuti ukalowa kutuluka nkovuta. Mnyamata wokonza mafoni pa msika wa Golomoti anandiuza kuti kubwezeretsa dongosolo lakale iye sangalonjeze, ndipo poyesa tikhoza kutaya manambala onse a ogula mpunga.

Ndisanamize opanga mafoni, pakuti si kuchedwa konse kumene kuli chiwembu. Dongosolo latsopano amalilemba akuyang'ana foni zatsopano, zokhala ndi malo ambiri ndi mphamvu zambiri, tsono likalowa m'foni yakale zimakhala ngati kusenzetsa bulu katundu wa lole. Mapulogalamu nawo amanenepa chaka ndi chaka. Pamwamba pa izi pali batire. Batire la foni limafooka pang'onopang'ono nthawi iliyonse likatchajidwa, ndipo kutentha kumalifooketsa msanga. Amene munakhalapo kunsi kwa mapiri a Dedza mwezi wa Okutobala mukudziwa chimene ndikunena. Batire lofooka likapemphedwa mphamvu yambiri mwadzidzidzi limalephera, foni nkungozima. Apa palibe mfiti. Ngakhale mabatire akuluakulu a pa malo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, nawonso tsiku lina adzafooka. Kusiyana kwake nkwakuti amenewo ali ndi akatswiri owayeza, odziwa chimene chikuchitika m'kati mwake.

Pa nkhani ya batireyi mpamene panagwa mlandu wodziwika dziko lonse. Mu Januwale 2017 kampani ya Apple inatulutsa update yotchedwa iOS 10.2.1. M'kati mwake munali lamulo lakuti foni monga iPhone 6 ndi 6s, batire lake likafooka, izichepetsa liwiro kuti isamazime yokha. Eni mafoni sanauzidwe momveka. Mu Disembala chaka chomwecho John Poole, mwini wa pulogalamu yoyezera liwiro yotchedwa Geekbench, anaonetsa ndi manambala kuti kuchedwako sikunali m'maganizo mwa anthu chabe. Apple inavomera, inapepesa, nitsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29. Inakanitsitsa kuti cholinga chake chinali kukakamiza anthu kugula foni zatsopano. Mu Okutobala 2018 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Italy linagamula chindapusa cha mayuro 10 miliyoni kwa Apple ndi 5 miliyoni kwa Samsung pa nkhani ya ma update ofooketsa foni zakale. Mu Febuluwale 2020 dziko la France linalipitsa Apple mayuro 25 miliyoni, ndipo chaka chomwecho ku America kampaniyo inavomera kulipira mpaka madola 500 miliyoni kuti mlandu wa ogula uthe.

Chimene chandigwira mtima pa chigamulo cha ku France nchakuti mlandu sunali kuchedwetsa foni, koma kusauza eni ake. Ndaganizira nthawi yaitali ndipo ndikuona kuti anaweruza bwino. Sing'anga akaona kuti mtima wa nkhalamba wafooka, nauza nkhalambayo kuti isamathamange, wachita chifundo. Koma akaithira mankhwala m'phala mwakachetechete kuti miyendo ilemere, ngakhale cholinga chikhale chomwecho, waichotsera nkhalambayo chinthu china: kudziwa chimene chikuichitikira, ndi ufulu wosankha chochita. Munthu wouzidwa kuti vuto ndi batire amagula batire. Munthu wosauzidwa amaganiza kuti foni yonse yatha, ndipo amagula foni. Tsono kukhala chete kuja kunali ndi mwini phindu, kaya anakonza dala kaya ai. Ine ndimakayikira chete aliyense amene amalemeretsa wokhala cheteyo.

Amayi anga sanakhalepo ndi iPhone, ndipo sindinganene kuti opanga foni yawo anachita zofananazo. Chimene ndikudziwa nchakuti iwo anatsala mumdima womwewo. Poti palibe anawafotokozera, anadzipezera okha chifukwa, ndipo chifukwa chimene anapeza chinali cha khasu: yatopa. Nzeru yabwino imene anaphunzira kumunda, yolandira kutha kwa zinthu mosadandaula, inasanduka chofunda cha munthu wina amene sadzamuona nkomwe. Apa ndi pamene pakundiwawa, kuposa matumba awiri aja.

Mnzanga wa m'chipinda, amene amaphunzira za makompyuta, anandidula pakamwa nditafika apa. Iye akuti update ndiyo imatseka mipata imene mbava zimalowera, ndipo foni imene imasunga ndalama za mpunga ndiyo yofunika kutetezedwa koposa. Kukana update, akutero iye, nkugona chitseko chosatseka poopa kuti loko watsopano ndi wolimba kutsegula. Sindinathe kumutsutsa, ndipo mpaka lero sindingathe. Koma taonani kumene mawu akewo akutisiya. Ukavomera, foni ilemera miyendo. Ukakana, ukhala pambalambanda, ndipo tsiku lina mapulogalamu adzakukana okha, monga WhatsApp inasiyira kugwira ntchito pa foni za Android yakale kuposa 5.0 mu Okutobala 2023. Njira zonse ziwiri zikuthera pa sitolo. Kwa munthu wa ku London imeneyo ndi nkhani yodandaula pakumwa tiyi. Kwa ife, amene kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi matumba angati a mpunga?

Pali chinthu china chimene mnzangayo sanachiganizire. Opanga mafoni amawerenga moyo wa foni kuyambira tsiku limene wogula woyamba anaitulutsa m'bokosi. Ikakwana zaka zingapo, kwa iwo ntchito yatha. Koma nthawi imeneyo ndi pamene foni yotere imakwera basi ku Johannesburg, kudutsa Mwanza kapena Dedza, nkudzayamba moyo wake kwa ife. Imene iwo akuitcha yakale ndiyo yatsopano ya pa Mua ndi pa Golomoti. Ndife eni ake omaliza, ndipo polemba update palibe amene amaona nkhope ya mwini womaliza. Zindapusa zija zinapita ku maboma a ku Ulaya ndi kwa ogula a ku America. Kodi udindo wa wopanga chinthu umathera pa munthu amene anamulipira, kapena umatsata chinthucho kulikonse kumene dzanja lake likadali m'kati mwake? Ine ndikuti ngati dzanja lako likhoza kufika ku Mtakataka kudzasintha foni ya amayi anga, pakamwa pako payeneranso kufika, ndipo m'chinenero chimene iwo amamva.

Tchuthi chisanathe tinasinthitsa batire kwa mnyamata uja wa ku Golomoti, ndipo ndinafufuta zithunzi ndi mapulogalamu amene amayi sagwiritsa ntchito. Foni inapepukako, ngakhale siinabwerere mwakale. Ndalama yake inachokera pa imene anandisungira yodyera kuno ku Zomba, ndipo sindinadandaule, poti mlandu unali wanga.

Lamulungu lapitali amayi anandiimbira. Akuti kauthenga kaja kabweranso. "Tsono iwe wa kusukulu, ndidine kapena ndikakankhe?" Ndinawauza kuti ayambe adikira, ndifunse kaye. Lero ndi Lachinayi, ndipo sindinawaimbirebe.