Wotsuka injini ndiye amaona mng'alu

Penti sagwira pa oyilo. Aliyense amene anapoperapo injini ya njinga yamoto amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ntchito yopenta imathera nthawi yambiri pa beseni. Kupopera kwenikweniko n'kwa mphindi zochepa. Ine si makaniko, ku yunivesite ndinaphunzira zina, koma miyezi imene ndinkaponya makalata ofunsira ntchito ndinkakhalitsa pa shedi ya msuweni wanga amene amakonza njinga za kabaza, ndipo ntchito yotsuka zitsulo inkagwera ine. Pa beseni pomwepo ndi pamene funso ili linayamba kundivuta: munthu akakongoletsa injini yakale kuti aigulitse, bodza limayambira pati?

Ndifotokoze kaye ntchitoyo, chifukwa nkhani yonse yagona mmenemo. Injini za njinga zimene zadzaza m'matauni mwathu, kaya Lifo kaya Boxer, kunja kwake kwakukulu ndi aluminiyamu wochita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Chitsulo choterechi chimakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo oyilo wa zaka zambiri amalowerera mmenemo. Umayamba ndi kupala matope osakanikirana ndi girizi, makamaka mbali ya tcheni, ndi kamtengo kuti usakande chitsulo. Kenako parafini ndi mswachi wakale. Parafini amasungunula girizi koma nayenso amasiya mafuta ake, ndiye umatsukanso ndi madzi otentha ndi sopo wa mbale. Ofuna zachidule amathira soda wa kositiki, koma ameneyu amadya aluminiyamu, amamudetsa, n'kutulutsa mpweya wa haidirojeni umene umayaka. Bulashi ya waya wachitsulo nayo imasiya tizidutswa timene timadzachita dzimbiri pansi pa penti.

Ukaganiza kuti watha, yanika chitsulocho padzuwa la masana. Chikatentha chimachita thukuta la oyilo wochokera m'timabowo tija. Umapukuta ndi thinala, n'kuyanikanso, n'kupukutanso. Mayeso ake ndi madzi: pachitsulo choyera madzi amayala bwinobwino, pamene patsala mafuta amaundana timadontho. Akayala, usachigwirenso ndi manja, pakuti ngakhale chala chimasiya mafuta. Zikatero umakwecha ndi sandipepa, umamata tepi pamalo pokhala gasiketi ndi pa nambala ya injini, umapaka pulaima woyenera aluminiyamu, kenako penti wopirira kutentha, mopyapyala.

Injini yakuda ndi girizi sionetsa kanthu. Mng'alu wa pafupi ndi bawuti yotulutsira oyilo, malo amene wina anamatapo ndi guluu wa zitsulo, mazinga a bawuti amene anadyeka, zonsezi zimabisala m'litsiro. Zimaonekera potsuka. Ndipo mng'alu umadziulula wokha: pena ponse pakauma, iwo umapitiriza kutulutsa kamzere kakuda ka oyilo. Zaka zoposa 100 zapitazo okonza sitima zapamtunda ankafufuza ming'alu mwanjira yomweyi. Ankanyika chitsulo m'mafuta, n'kuchipukuta, n'kuchipaka choko, ndipo pamene panali mng'alu mafuta ankadetsa chokocho. Choncho pali kanthawi kochepa, pakati pa kutsuka ndi kupenta, pamene injini imaonetsa zonse zimene ili nazo. Amene amakhalapo nthawi imeneyo ndi wotsuka yekha. Wogula amabwera mawa lake penti atauma.

Zimenezi zinasokoneza maganizo amene ndinali nawo, akuti munthu wogwira ntchito mosamala ndiye wokhulupirika. Taganizani. Waulesi amapopera siliva pamwamba pa girizi. Penti wake amatupa, amasendeka ndi chikhadabo, ndipo wogula wamaso amazindikira pompo kuti apa pabisidwa zinthu. Komanso waulesiyo akanena kuti mng'alu sanauone, mwina akunena zoona. Katswiri ndiye woopsa. Amatsuka katatu, mng'alu amauona bwinobwino, amaudzaza ndi guluu, amasalaza ndi sandipepa, ndipo penti wake amakhala zaka. Luso lomwe limapangitsa ntchito yake kukhala yabwino ndi lomwenso limalimbitsa chinyengo chake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, komatu mkuyu sudziwa kuti uli ndi nyerere. Katswiri uja amadziwa.

Msuweni wanga ndikamuuza zimenezi amaseka. Amati aise, ndani amagulitsa katundu wosatsuka? Mayi wa tomato amaika wamkulu pamwamba pa mulu, iwenso popita ku intavyu umabwereka jekete. Ndipo wogula njinga yakale si mwana, amadziwa kuti yakale ndi yakale, n'chifukwa chake amanenerera mtengo mpaka kukutopetsa. Sindingamutsutse zonse. Penti amatetezadi chitsulo, ndipo kukongoletsa chinthu chako si tchimo. Ndikudziwanso kuti ogulitsa ambiri si akuba. Wina ali ndi ngongole ya banki mkhonde, wina fizi ya mwana yamupanikiza, ndipo kuulula mng'alu ndiko kudzichotsera yekha ndalama zimene akuzifuna lero.

Mkangano umenewu ndi wakale kuposa njinga yamoto. M'chaka cha 44 Yesu asanabadwe, Cicero analemba buku la De Officiis, ndipo mmenemo anakamba za munthu wogulitsa nyumba imene mitengo yake inawola, mwini yekha ndiye akudziwa. Anakanganitsa anzeru awiri, Diogenes wa ku Babylon ndi wophunzira wake Antipater. Diogenes ankaona kuti kukhala chete n'kosiyana ndi kubisa, ndipo wogulitsa sakakamizidwa kunyoza katundu wake. Antipater ankaona kuti kusiya mnzako agwe m'dzenje iwe ukuliona n'kulakwa basi. Cicero anakhala mbali ya Antipater. Ine ndimamumvetsa Diogenes pa nyumba ija, poti mwini wake sanachitepo kanthu, anangotseka pakamwa. Koma pa injini mfundo yake sikwanira. Wopentayo sanangokhala chete. Anatenga chinthu chimene chinali poyera, n'kuchiphimba ndi manja ake, ndipo wogula ngakhale atabwera ndi makaniko wake sangachionenso.

Ndiye yerekezaninso ndi tomato uja. Tomato wamng'ono pansi pa mulu amakupsetsa mtima madzulo amodzi. Wogula njinga ya kabaza nthawi zambiri ndi mnyamata amene wagulitsa mbewu kapena watenga ngongole, ndipo njingayo ndiye munda wake. Guluu uja akalekerera, oyilo amatha pang'onopang'ono mpaka injini kugwira. Zikavuta kwambiri oyiloyo amadonthera pa tayala lakumbuyo, pamsewu wa tala, kumbuyo kuli mayi ndi mwana kumsana. Mayiyo sanakhalepo pokambirana mtengo.

Ponena kuti wogula amadula kale mtengo, msuweni wanga akunena zoona zimene zikumupweteka iye yemwe. George Akerlof analemba za msika wa magalimoto akale mu 1970, ndipo mu 2001 analandira nawo mphoto ya Nobel. Mfundo yake inali yakuti ogula akalephera kusiyanitsa chabwino ndi chowola, amapereka mtengo wapakati pa zonse, ndipo eni zinthu zabwino amaleka kugulitsa chifukwa mtengowo ukuwadyera. Ndi zimene zachitikira penti. Masiku ano injini yonyezimira siliva pa njinga yakale imachititsa anthu kukayika, ngakhale mwini wake ataipenta ndi mtima woyera.

Kwa ine mzere uli apa: penta mmene ungafunire, koma chimene unaona chitsulo chili choyera, wogula achidziwe. Sizovutanso ayi. Foni ili m'thumba, jambula injiniyo isanapakidwe pulaima, mng'alu ndi pomata pake zioneke, umutumizire pa WhatsApp, mtengo mukambirane zonse zili pambalambanda. Mng'alu wowotcheredwa bwino ndi wodziwa aluminiyamu si chifukwa chokanira njinga, anthu amagula ndithu akauzidwa.

Chimene chimandivutabe ndi wotsuka amene si mwini njinga. Mnyamata wa pa shedi amalipidwa pa injini iliyonse imene wamaliza. Wauona mng'alu, wauza bwana mwini njinga, bwanayo wati mata upente, zina si zako. Wogula samudziwa, mwina sadzakumana naye n'komwe. Akakana, njingayo ikankhidwira pa shedi ina pamsewu womwewo, ipentedwabe, iye agona ndi njala. Ine amene ndinkatsuka modikira kalata ya ntchito sindingamulalikire mophweka. Komabe ndinaonapo mnyamata wina akuchita kanthu kakang'ono. Anamata, anapenta monga anauzidwa, koma pomatapo sanasalaze. Anasiya kachitunda koti wogula aliyense woyendetsa chala pansi pa injini akamve. Bwanayo anadandaula kuti ntchitoyo yatuluka yosaoneka bwino, ndipo anamudula ndalama.