Mwano Kapena Misozi?

Acinyamata anzanga, kodi mnyamata wamwano timuweruze bwanji? M'buku la J.D. Salinger la 1951, The Catcher in the Rye, Holden Caulfield wa zaka 16 amacotsedwa sukulu, amatukwana, amanama, ndipo akulu amawayesa acinyengo. Masukulu ena ku America analiletsa bukuli.

Koma mng'ono wake Allie anamwalira ndi khansa ya m'magazi. Usiku womwewo Holden anaswa mazenera ndi nkhonya, nagonekedwa m'cipatala, ndipo kumanda sanapiteko. Kuno ku Mambwe namfedwa timagona naye pamaliro, timalira naye mpaka misozi iphwe. Holden analira yekha. Bodza lake sindilikometsa ai, bodza ndi bodza. Koma taonani, patapita zaka zitatu, pooloka miseu ya New York, akali kulankhula ndi Allie ngati wamoyo.