Kodi Manyazi Onse ndi Ulemu?

Amayi anzathu, tonsefe anamkungwi anatilangiza kuti zam'kati mwa chitenje sizikambidwa pagulu, ndipo anachita bwino. Koma ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaonanso kuwawa kwa mwambowu. Mayi amakhala pa benchi ya kumbuyo atavala zitenje zitatu, chifukwa akatsokomola mkodzo umatuluka wokha. Wina chiberekero chinatsika kalekale, koma sanauzepo munthu.

Pansi pa chiuno pali minofu yonga mbereko, yonyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Kubereka kambirimbiri, kuvutika nthawi yaitali pochira, kusenza zolemera ndi ukalamba zimaifooketsa. Si ufiti, komanso si chilango cha chigololo monga ena amanenera.

Dokotala amayamba kupima ndi manja. Akafuna kuonetsetsa amajambula ndi sikani, makina omwe aja oonera mwana m'mimba. Kachipangizo amakagunditsa kunja kwa njira yoberekera, n'kupempha mayi kuti atsokomole kapena adzikanike ngati akubereka, ndipo chiwalo chimene chikutsika chimaoneka. Sikani siwawa ndipo ilibe cheza cha X-ray.

Tsono funso ndi ili: kodi n'koyenera kuti mayi wamkulu, apongozi a anthu, avule pamaso pa dokotala wa msinkhu wa mwana wake? Funsoli sitikulipeputsa. Koma manyazi alipo a mitundu iwiri. Ena amasunga ulemu wa thupi. Ena amasunga matenda, mpaka mayi kuleka kupita kumsika, kumaliro ndi kumsonkhano wa amayi. Achiwiriwa ndi aja anapha Lambe. Kuonetsa thupi kuti lichiritsidwe ndi kulilemekeza.

Ulemu suchokera kwa wodwala yekha. Achipatala ayenera kutseka katani, kufotokoza zimene akuchita ndi kupempha chilolezo. Nafenso tisaope kupempha kuti namwino wamkazi akhalepo.

Thandizo lilipo: masewero olimbitsa minofu, kamkombero koikidwa m'kati kochirikiza chiberekero, kapena opaleshoni. Amayi amene anabooka chikhodzodzo pobereka, matenda a fistula, akhala akusokedwa pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe.

Tidzifunse: mnzathu atatiululira lero, nkhaniyo ingathere kuchipatala kapena kuchitsime? Ambiri amabisa osati poopa makina, koma poopa pakamwa pathu. Tisunge chinsinsi chake, timusonkhere ya minibasi, timuperekeze.