Kodi Mkristu Angakayike za Kutentha kwa Dziko?

Aphunzitsi ena a katekisimu afunsa chimene ayenera kuyankha pamene anthu anena kuti nkhani ya kutentha kwa dziko ndi bodza la anthu ophunzira. Poyamba dziwani kuti kukayika pa nkhani imeneyi si tchimo, pakuti Eklezia sadaiike pakati pa zoona za chikhulupiriro. Ngakhale Toma Woyera, amene adakayika chinthu chachikulu koposa, Ambuye sadampirikitse ai, koma adamuitana kuti aone mabala. Choipa ndicho kutsinzina dala pamene umboni uli pamaso.

Okayika amati, munthu wolephera kudziwa ngati mvula igwa Lachisanu angadziwe bwanji za zaka 50 zilinkudza? Funso nlabwino ndithu. Koma taonani mayi amene wateleka mphika pamoto. Iye sangaloze pamene thovu loyamba litulukire, komabe adziwa bwino kuti akasonkhezera nkhuni madzi awira msanga. Momwemonso kulosera za tsiku limodzi nkovuta, koma kumene kutentha kwa dziko lonse kukulowera kungathe kuwerengedwa.

Ndipo kudawerengedwa kale. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden adaonetsa kuti mpweya wa carbon dioxide, umene utuluka tikatentha malasha ndi mafuta, ukachuluka mumlengalenga dziko lidzatentha. Mu 1958 Charles Keeling adayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, napeza magawo 315 pa miliyoni. Lero apitirira 420. Chaka cha 2024 chidatentha kupambana zaka zonse zimene anthu adayezapo. Zimenezi si maloto, ndi miyeso imene aliyense angathe kuiyesanso.

Tisabise kuti alipo amene adakokomeza. Mu 2007 katswiri wina adati madzi oundana a m'nyanja ya Arctic mwina adzakhala atatha m'nyengo yotentha pofika 2013, ndipo sizidatero. Achepa kwambiri, koma alipo. Ndiponso si bwino kuloza chimphepo chimodzi, ngakhale Freddy amene adatiliritsa mu 2023, nkunena kuti umboni wonse ndi umenewu, popeza namondwe adalipo ndi kale lomwe. Wokokomeza aononga mlandu wabwino monga mboni yoonjeza mawu pabwalo. Koma mfumu yanzeru sitaya mlandu chifukwa cha mboni imodzi.

Ena atsutsa ndi Malembo, nati Mulungu adalonjeza Nowa kuti nyengo yofesa ndi yokolola sidzalekeka. Lonjezolo nloona, ndipo sitilichotsera kanthu. Koma kodi si m'buku lomwelo la Genesis m'mene tiwerenga za njala ya zaka 7 ku Ejipito, Nowa atafa kale? Mulungu sadaletse njalayo. Adapereka chenjezo, ndipo Yosefe adakundika tirigu m'nkhokwe pamene ena onse anali kukhuta.

Papa Francis adalemba kalata ya Laudato Si' mu 2015, ndipo mu 2023 adalembanso Laudate Deum, m'mene adadandaula kuti mawu onyoza nkhaniyi amveka ngakhale m'kati mwa Eklezia. Tsono inu aphunzitsi, wokayika akadza kwa inu musamchititse manyazi pamaso pa anzake. Mpatseni mpando, mumufunse chimene wamva ndi amene adamuuza, kenaka mumuonetse zaka ndi miyeso talembazi.