Kuseka Koyenera ndi Kuseka Kolasa Mtima

Kuseka ndi chinthu chimene anthu amakonda kugawana. Munthu akawerenga buku lomukomera, kapena akaonera sewero la pa TV lomuseketsa mpaka nthiti kuwawa, sakhala nalo chete. Amauza mnzake kuti nayenso aliwerenge kapena alionere. Potero amakhala akuvomerezanso kuti zimene zasekedwa mmenemo n'zoyenera kusekedwa. Apa m'pamene pagona funso limene lavutitsa akatswiri a filosofi ndi a chipembedzo kwa zaka zoposa 2,000: kodi kuseka n'kwabwino nthawi zonse, nanga kuseka koyenera kumasiyana bwanji ndi kolasa mtima?

Ku Greece wakale, Plato ankakukayikira kuseka. Iye ankati munthu woseka mnzake amakhala ndi chimwemwe chosakanikirana ndi njiru, ndipo oyang'anira dziko sayenera kukonda phwete. Wophunzira wake Aristotle anaona mwina. Kwa iye nthabwala yabwino ili pakati pa anthu awiri olakwa: wina amene amaseketsa ndi chilichonse ngakhale chopweteka ena, ndi wina wouma mtima amene saseka konse.

Patapita zaka mazana ambiri, ena anafunsa chimene chimayambitsa kuseka. Mu 1651 Thomas Hobbes wa ku England analemba kuti munthu amaseka akadziona mwadzidzidzi kuti waposa mnzake. Immanuel Kant, mu 1790, anati kuseka kumabwera pamene chimene munthu ankachiyembekezera ndi mtima wonse chathera m'malere. Mu 1900 Henri Bergson wa ku France anati anthu amaseka munthu amene akuchita zinthu ngati makina, osasintha ngakhale zinthu zasintha, ndipo kusekako kumamubweza kuti akhalenso munthu. Maganizo a Bergson amaoneka bwino mu Fawlty Towers, sewero la BBC la mu 1975 ndi 1979 lomwe lili ndi zigawo 12 zokha. Basil Fawlty, mwini hotela amene John Cleese amasewera, amagwa m'mavuto nthawi zonse chifukwa kunyada kwake sikupindika. Owonera amaseka kunyadako, ndipo ambiri amakuzindikira mwa iwo eni.

Chipembedzo nachonso sichinalankhule ndi mawu amodzi. M'buku la Genesis, Sara anaseka atamva kuti adzabala mwana ali wokalamba, ndipo dzina la mwanayo, Isake, limachokera ku mawu a Chiheberi otanthauza kuseka. Komabe John Chrysostom, mlaliki wa ku Antioch ndi Constantinople, anaphunzitsa kuti Mauthenga Abwino amasonyeza Yesu akulira koma osati akuseka. Malamulo a Benedict Woyera, olembedwa m'zaka za m'ma 500, amachenjeza amonke za mawu oseketsa. Mu Chisilamu, sura 49 ya Kurani imaletsa anthu kunyoza anzawo, pomwe mahadisi amanena kuti Mtumiki Muhammad ankamwetulira ndi kuchita nthabwala popanda kunama. Mu June 2024 Papa Francis analandira ku Vatican akatswiri a nthabwala oposa 100 ochokera m'maiko osiyanasiyana, n'kuyamikira ntchito yawo.

Mkangano umenewu ndiwo maziko a The Name of the Rose, buku la nthano la Umberto Eco lomwe linatuluka mu 1980. Nkhani yake imachitika mu 1327 m'nyumba ya amonke ku Italy. Jorge, mmonke wokalamba wakhungu, amabisa buku la Aristotle lonena za nthabwala poopa kuti anthu akaphunzira kuseka adzasiya kuopa Mulungu. Pofuna kuteteza chikhulupiriro, iye amapaka poizoni pamasamba a bukulo ndipo anzake amafa. Eco akusonyeza kuti mantha a kuseka angathe kubala nkhanza zoposa kuseka kumene.

Miyambo ya ku Malawi inayankha funso la kuseka koyenera poika nthabwala m'manja mwa anthu oyenera. Asuweni amanyogodolana popanda wokwiya, chifukwa ubale wawo umalola. Pamaliro, adzukulu amatha kuseketsa anamfedwa kuti chisoni chipepuke, zimene mlendo sangayerekeze. Sewero la Izeki ndi Jakobo, la John Nyanga ndi Eric Mabedi, linakondedwa chifukwa linkaseka makhalidwe amene anthu ankawadziwa m'makomo mwawo.

Kuchokera m'maganizo onsewa mukutuluka mafunso atatu othandiza munthu asanauze mnzake choti awerenge kapena aonere. Loyamba ndi lakuti akusekedwa ndani. Mu 1940 Charlie Chaplin anaseka Adolf Hitler mu kanema wa The Great Dictator, pa nthawi imene Hitler anali ndi mphamvu zoopsa. Mind Your Language, sewero la ku Britain lomwe linayamba mu 1977, linkaseka alendo ophunzira Chingerezi, ndipo linadzudzulidwa chifukwa chojambula mitundu ya anthu monyozeka. Kuseka wamphamvu wozunza kumasiyana ndi kuseka wofooka amene sangayankhe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi wosekedwayo akanakhala pomwepo, akanaseka nawo? Pakati pa asuweni yankho limakhala inde, ndipo n'chifukwa chake nthabwala zawo zimalimbitsa ubale. Lachitatu ndi lakuti wouzidwayo ndani, pakuti choyenera munthu wamkulu sichingayenere mwana, ndipo chosangalatsa munthu amene ali pa mtendere chingathe kutonkhola bala la amene ali pa chisoni. Buku, katswiri wa nthabwala kapena sewero limene layankha bwino mafunso atatuwa ndi loyenera kuti munthu auze mnzake ndi mtima woyera.